Mboni Yokhoza Kutitsutsa

Mwa zilema zonse zimene zimagwera makina opangidwa ndi manja a anthu, palibe chosautsa mtima ngati chilema chimene chimadza ndi kupita mwa kufuna kwake, chooneka pamene mmisiri palibe, ndi chobisala pamene mmisiri wafika ndi zida zake. Galimoto yothyoka chitsulo ili ndi mlandu wapoyera, pakuti aliyense wodutsa amaona pamene pathyoka, ndipo chotsala n'kufunsa mtengo wa chitsulo china. Koma pikapu yakale imene imalira bwino m'mamawa, niyenda mtunda wautali osadandaula, kenaka nizima mwadzidzidzi pakati pa msewu dzuwa lili paliwombo, nikana kuliranso kwa theka la ola, ndiyeno niliranso monga ngati palibe chinachitika, imeneyo imaimika mwini wake pabwalo la milandu pamene wopalamula sakuoneka ndipo mboni zonse zikutsutsana. Amene anakwerapo matola adziwa kusowa chonena kumene kumagwira apaulendo pa nthawi yotere, ndiponso kuchuluka kwa nzeru zimene zimatuluka pakamwa pawo kusowa chonenako kukatha. Funso limene chilema chimenechi chimadzutsa ndi lakale kuposa magalimoto onse, ndipo limakhudza chipembedzo monga momwe limakhudzira umakaniko: kodi munthu angadziwe bwanji kuti chimene iye akuchitcha chifukwa ndicho chifukwa chenicheni?

Tiyambe tamvetsa chimene chimazimacho. Injini ya petulo imakhala ndi moyo pa zinthu zinayi, ndizo mpweya, mafuta, kupanikizika kwa ziwirizi m'kati mwa silinda, ndi moto wa magetsi woziyatsa pa nthawi yake; ndipo chimodzi chikasowa, zitatu zotsalazo sizipindula kanthu. Batire la galimoto lili ndi mavolti 12 okha, mphamvu yosakhoza kulumpha ngakhale kampata ka pansonga ya pulagi; chifukwa chake panaikidwa koyilo, imene m'kati mwake muli mawaya okulungidwa pawiri, ena okhuthala ndi owerengeka, ena opyapyala ndi ochuluka zedi, kotero kuti magetsi oyenda m'mawaya oyambawo akadulidwa mwadzidzidzi, m'mawaya achiwiriwo mumabadwa mphamvu yoposa mavolti 20,000, imene distributor imagawira mapulagi, iliyonse pa nthawi yake. Njira imeneyi anaikonza ndi Charles Kettering wa ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, ndipo magalimoto a Cadillac anayamba kuyendera iyo m'chaka cha 1910. Ntchito yodula magetsiyo inkagwiridwa ndi tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutsekeka, timene amakaniko amati mapointi; ndipo ngakhale mapointi ankapsa ndi kutha msanga, anali ndi ubwino umodzi umene amisiri okalamba, olera ma Datsun ndi ma Peugeot 404, amaukumbukabe ndi chisoni, wakuti kulakwa kwake kunkaoneka ndi maso ndipo kunkakonzeka ndi kachidutswa ka sandipepa.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 opanga magalimoto anachotsa mapointi naikamo kabokosi komata, kotchedwa module, kamene kamadula magetsi popanda chitsulo chogwedezeka, ndipo munthu sangakatsegule kuti aone za m'mimba mwake. Pakati pa chaka cha 1983 ndi cha 1995, kampani ya Ford ku America inaika kabokosi kotere, ka mtundu wotchedwa TFI, m'magalimoto pafupifupi 22 miliyoni, kuphatikizapo mapikapu a F-150 ndi Ranger, ndipo kanamangiriridwa pa distributor penipeni, pamalo pamene kutentha kwa injini kumasonkhana. Ntchito yake si yaing'ono, pakuti injini ya masilinda 6 ikamazungulira maulendo 2,000 pa mphindi, kabokosiko kayenera kudula magetsi maulendo 100 pa sekondi iliyonse, osaphonya ngakhale kamodzi; koma kutentha kukafika cha m'madigiri 125, kankatha kuleka ntchito nthawi yomweyo, moto n'kusiya kufika ku mapulagi, injini n'kuzima, chiwongolero n'kulemera, mabuleki n'kuuma, galimoto ili pakati pa magalimoto ena othamanga. Ndipo kakazizira kankadzukanso kali kangwiro. Nthenda ya mtundu womwewu imagwiranso koyilo yokalamba, kondensa yotopa, ndi timabokosi ta magalimoto a mitundu ina amene amayenda m'misewu yathu. Ngakhale pikapu ya dizilo, imene ilibe mapulagi a moto, ili ndi kachitsulo ka magetsi pa pampu yake kamene kamatseka mafuta kakangosowa mavolti ake 12.

Tsono taonani msampha umene chilema chotere chimatchera nzeru za munthu. Galimoto ikazima, dalaivala sakhala manja lende. Amatsika, natsegula boneti, nayamba kuchitapo kanthu, ndipo apaulendo amamuthandiza yense monga mwa chidziwitso chake. Wina amamanga mawaya a pabatire, wina amapopera mpweya m'paipi ya mafuta, wina amatulutsa mapulagi nawapukuta ndi kuwabwezera, wina amagogoda pampu ndi sipanala, ndipo mayi wopembedza amaweramitsa mutu napemphera. Ntchito zonsezi n'zosiyana, koma zili ndi chinthu chimodzi chofanana chimene ozichita sachiwerengera, ndicho chakuti iliyonse imadya nthawi, ndipo iliyonse imachitika boneti ili yotsegula, mphepo ikuwomba pa injini. Pakatha mphindi 20 kapena 30 dalaivala amatembenuza kiyi, injini nilira, ndipo aliyense amakwera ali ndi chikhulupiriro cholimba kuposa chimene anatsika nacho: womanga mawaya wadziwa kuti linali batire, wopopera m'paipi wadziwa kuti chinali chitsotso m'mafuta, wopukuta mapulagi sadzamvanso za munthu wina. Palibe mmodzi wa iwo wanama, pakuti onse aona ndi maso awo kuti atachita chakutichakuti galimoto inalira. Komabe onse asokera, chifukwa chochiritsa galimotoyo ndi kuzizira, kumene kukanafika ngakhale onsewo akanakhala pamthunzi n'kumadya nzimbe.

Msamphawo suthera pamsewu. M'mawa mwake galimoto imapita ku galaja ili yozizira, makaniko nayesa koyilo, nayesa batire, nayesa kabokosi, ndipo zonse zimayankha bwino, popeza pa ola limenelo zonse zilidi bwino. Koma mwini galimoto safuna kubwerera chimanjamanja, ndipo makaniko safuna kuoneka wosadziwa; chotero amagwirizana kusintha sefa ya mafuta. Masiku otsatirawo kukakhala mitambo, kapena maulendo akakhala aafupi, galimoto imayenda bwino, ndipo mbiri ya makaniko imakula. Kufikira tsiku lina la mwezi wa Okutobala, pamtunda wautali, ndi katundu wolemera, pamene imazimanso, napezeka mwini wake akugula pampu, kenaka koyilo, kenaka batire, chilichonse chikuoneka ngati chachiritsa kwa masiku owerengeka. David Hume, wanzeru wa ku Scotland amene anakhala ndi moyo kuyambira 1711 kufikira 1776, anaphunzitsa kuti maso athu saona chingwe chomanga chifukwa ndi chotsatira chake. Amangoona chinthu china chikudza pambuyo pa chinzake, ndipo chizolowezi ndicho chimatiuza kuti choyambacho chabala chachiwiricho. Anthu ambiri amayesa chiphunzitso chimenechi masewera a ophunzira osowa chochita. Koma munthu amene watha ndalama za chimanga cha chaka chonse pogula zitsulo zosalakwa walipira mtengo wake wonse.

Mmisiri wanzeru amayamba mwa njira ina, ndipo chida chake choyamba ndi khutu. Asanagwire sipanala amafunsa mwini galimoto kuti, “Bambo, tandiuzani, inazima bwanji?” Pakuti imfa ya injini ili ndi mayendedwe ake: yosowa mafuta imafa pang'onopang'ono, ikutsokomola ndi kudzuka ndi kugwanso, monga mafuta otsala m'mapaipi akutha, koma yosowa moto imafa kamodzi, monga ngati dzanja losaoneka latembenuza kiyi, ndipo muvi wosonyeza kuzungulira kwa injini umagwa pansi nthawi yomweyo ngakhale galimoto ikadagudubuzika m'giya. Amafunsanso ngati nyali za kutsogolo kwa dalaivala zinazima pamodzi ndi injini, chimene chingaloze ku swichi ya kiyi yotha kapena ku waya wamkulu wa batire. Ngati imazima pa mabampu, chimene chingaloze ku waya wogwedera. Kapena ngati imazima itayenda nthawi yaitali ndi kuima pa mzere wa magalimoto, chimene chimaloza ku kutentha. Mafunso amenewa sapeza wopalamula, koma amamasula osalakwa ambiri, ndipo kumasula osalakwa ndilo theka la ntchito ya woweruza.

Akatero, mmisiriyo amachita chinthu chimene aulesi amachikana, ndicho kutsata chilema kufikira pa ola lake. Amakwera galimotoyo ndi zida zake, naiyendetsa kufikira itazima, chifukwa adziwa kuti mphindi zochepa zimene injini ili yakufa ndizo zokha zimene choonadi chili poyera. Pamenepo safulumira kukonza, amafulumira kufunsa. Amazula waya wa pulagi nayang'ana ngati moto ukulumpha pamene mnzake akuliza sitata. Moto ukakhalapo, mbali yonse ya koyilo ndi kabokosi yamasuka, ndipo amatembenukira ku mafuta, namvetsera ngati pampu ya magetsi ikung'ung'udza kwa masekondi awiri kiyi akangotembenuzidwa. Moto ukasowa, amaika tesita, kanyali kakang'ono ka waya umodzi, pa koyilo: kumbali yolandira magetsi kanyaliko kayenera kuyaka, ndipo kumbali yodulidwa kayenera kuphethira pamene injini ikuzungulira. Kakaphethira koma moto osatuluka, mlandu uli pa koyilo. Kakangoyaka osaphethira, wodula magetsi wagona, ndipo otsala pabwalo ndi kabokosi, kachipangizo ka m'kati mwa distributor kamene kamakauza nthawi, ndi mawaya a pakati pawo. Funso lililonse limadula mlandu pakati, ndipo lililonse lili ndi mayankho awiri, limodzi lomuvomereza mmisiri ndi lina lomutsutsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali phunziro lina pa waya wa ethi, umene umalumikiza injini ndi thupi la galimoto kuti magetsi abwerere ku batire, pakuti magetsi sayenda pokhapokha njira yobwerera ilipo. Waya ameneyu pa galimoto yakale amadyeka ndi dzimbiri m'kati mwa chikopa chake, kufikira mwa tingwe tambiri tamkuwa tatsala tiwiri kapena titatu. Ndipo mmisiri akamuyesa ndi mita injini itazima, mita imanena kuti njira ilipo, ndipo sinama, pakuti kamphamvu kakang'ono kamene mita imatumiza kamadutsadi pa kangwe kamodzi. Koma funso limene mmisiri anafunika kufunsa silinali lakuti kodi njira ilipo. Linali lakuti kodi njirayo ingasenze katundu. Chifukwa chake odziwa amayesa waya ameneyu pamene magetsi ochuluka akudutsa, sitata ikulira kapena nyali zonse zikuyaka, nayang'ana mphamvu imene ikutayika pakati pa nsonga zake ziwiri. Ikapitirira theka la volti, wayayo wadzineneza yekha. Mboni ingathe kunena zoona zokhazokha ndi kutisokeretsabe, ngati ikuyankha funso limene si la mlanduwo.

Chiyeso chomaliza ndicho choposa zonse. Mmisiri akaganizira kabokosi, sakagamula pa kuganiza kokha. Amailiza injini ili yozizira, natenga chowumitsira tsitsi cha magetsi, nawomba mpweya wotentha pa kabokosiko kokha, osatenthetsa china chilichonse. Injini ikazima, amakaziziritsa kokhakonso ndi kansalu konyowa, osadikira kuti injini yonse izizire, nayesa kuiliza. Ikafa pa kutenthetsa kabokosi ndi kudzuka pa kukaziziritsa, ndipo ikatero kawiri kapena katatu pa kulamula kwa mmisiri, pamenepo nthawi, imene inanamiza apaulendo onse aja, yachotsedwa pa mlandu. Njira imeneyi si yachilendo kwa owerenga Malembo. M'buku la Oweruza timamva za Gideoni, amene pofuna kutsimikiza kuti maitanidwe ake ngochokera kwa Mulungu, anaika ubweya pa dwale napempha kuti mame agwe pa ubweya pokha, nthaka ikhale youma. Ndipo zitachitika sanakhutire, popeza ubweya mwa chilengedwe chake umasunga chinyezi kuposa mwala, koma anapempha kuti usiku wotsatira zitembenuke, ubweya uume ndipo nthaka inyowe. Chizindikiro choyamba chikanatha kudza mwa mwayi. Chachiwiri chikanatha kumutsutsa. Ndipo Mulungu sanamukwiyire chifukwa cha kufunsa kachiwiriko.

Apa ndipo pagona mutu wa nkhani yonse. Kuchira kwa galimoto si umboni wakuti nzeru yathu inali yoona, monganso kuchira kwa wodwala si umboni wokwanira wakuti mankhwala amene anamwa ndiwo amuchiritsa, popeza nthenda zambiri zimatha pa nthawi yake. Chikhulupiriro chimene chimalimba zinthu zikayenda bwino, nichilimbanso zinthu zikavuta, chosakhoza kugwedezeka ndi chochitika chilichonse, chingathe kukhala chokoma m'mtima, koma pa nkhani ya zoyambitsa zinthu sichinatiuze kanthu. Wofuna choonadi ayenera kudzifunira yekha mboni yokhoza kumutsutsa, ndi kunena chiyeso chisanachitike kuti, zikatuluka mwakuti, ndiye kuti ganizo langa lagwa. Kuchita chotere n'kowawa, chifukwa mtima wa munthu umakonda ganizo lake monga kholo likonda mwana; ndipo n'chifukwa chake ndikunena kuti kusanthula chilema ndi ntchito ya chikumbumtima isanakhale ntchito ya manja.

Chitsulo chosinthidwa popanda kulakwa chimangotayitsa ndalama. Koma chizolowezi chomwecho chikagwera pa anthu chimatayitsa miyoyo. Abwenzi atatu a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anali amisiri a mtundu wosintha zitsulo. Iwo anali ndi chiphunzitso chakuti tsoka lililonse ndi mphotho ya tchimo, ndipo chiphunzitsocho chinali chomangidwa mwakuti palibe chikanachigwetsa: Yobu akanavomera kuti anachimwa, iwo akanati taonani, pamene anakana, anati kukanako ndiko kudzikuza, ndipo kudzikuza ndi tchimo. Anayamba bwino, pakuti anakhala naye pansi masiku 7 osalankhula. Koma atatsegula pakamwa sanafunsenso kuti munthuyu wagwa bwanji, anangotchula chilema chimene anadza nacho kuchokera kwawo. Ndipo pa mapeto a bukulo mkwiyo wa Mulungu unayakira iwowo, amene ankaoneka ngati akuimira Mulungu pa mlandu, osati Yobu, amene anafunsa mafunso oopsa. M'Uthenga wa Yohane ophunzira anafunsa za munthu wobadwa wosaona ngati wochimwa ndi iye kapena makolo ake, ndipo Ambuye anakana mayankho onse awiri. Malembo amene ena amawagwiritsa ntchito potseka mafunso ndi omwewo amene amadzudzula kufulumira kutchula chifukwa.

Makolo athu anali akatswiri a bwalo, odziwa kumva mbali zonse, kufunsa nkhoswe ndi kusiya mlandu ugone kuti mitima izizire. Koma pa imfa yodzidzimutsa, pamene maso safika, anafuna mboni yoposa munthu, ndipo anaipeza mu mwabvi. Woganiziridwa ufiti ankamwa madzi a khungwa la mtengowo. Akasanza, wamasuka, akafa, mlandu wamutsutsa. Tisawaseke, pakuti iwo anafuna chiyeso cha mayankho awiri, ndipo cholinga chimenecho chinali cholungama. Cholakwa chinali chakuti mwabvi unkayankha funso lina, la kuchuluka kwa khungwa losinjidwa ndi mphamvu ya m'mimba mwa womwayo, monga mita ija imayankha za kangwe kamodzi. Boma la Nyasaland linaletsa mwabvi ndi kuloza munthu ufiti m'lamulo la chaka cha 1911, koma lamulo silizula msampha wa m'maganizo. Ndipo kufikira lero timamva za agogo othamangitsidwa m'midzi, kapena ophedwa kumene, chifukwa mwana wadwala kapena mvula yachedwa. Gogo akachotsedwa, malungo a mwana amatha pa nthawi yake, mvula nigwa pa nthawi yake, ndipo mudzi wonse umaona ndi maso kuti unalondola. Tsoka likabweranso, amafuna gogo wina.

Wina adzati, kodi potero simunachotse Mulungu pa dziko lake, ndi kunyoza pemphero la mayi uja wa pa matola? Iyayi. Mayiyo akati pemphero lake linaziziritsa kabokosi msanga kuposa mphepo, wanena chinthu choyeseka, ndipo ayenera kulola kuti chiyesedwe. Koma akati anapereka ulendo wake m'manja mwa Mlengi, amene anaika malamulo a kutentha ndi kuzizira, ndipo anayamika atafika, wanena chinthu chimene tesita singachitsimikize kapena kuchitsutsa. Pakuti mafunso ndi awiri. E. E. Evans-Pritchard, amene anakhala pakati pa Azande a ku Sudan nalemba za iwo m'chaka cha 1937, anaona kuti nkhokwe ikagwera anthu okhala pamthunzi wake, Azande ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chadya mizati. Chimene ankafunsa n'chakuti, chifukwa ninji yagwa pa ola lomwe anthu akutiakuti anakhala pansi pake. Makaniko angatiuze mmene galimoto inazimira. Sangatiuze chifukwa chake inazima pa tsiku limene inanyamula mayi wapakati wopita ku chipatala. Funso lachiwirili ndi loona, ndipo munthu wopanda funso limeneli ndi wouma mtima. Koma malo ake ndi pamaso pa Mulungu, m'kulira ndi m'kupemphera monga anachitira Yobu, ndipo tchimo limalowa pamene tiliyankha ndi dzina la mnansi wathu. Funso loyamba tipatsidwa kuti tilifufuze kufikira pa mapeto. Lachiwiri tipatsidwa kuti tilisenze. Wosokoneza awiriwa amapempherera waya wadzimbiri, ndipo amaimba mlandu munthu wosalakwa.

Ngakhale pa funso loyambalo, kupeza chitsulo chofooka si mapeto a kufufuza. Eni magalimoto a Ford ambiri anafika pozindikira kabokosi, nagula katsopano, ndipo katsopanoko kanafanso, chifukwa kanamangidwa pamalo otentha omwewo. Mwambi uja umati tizinena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Nkhaniyi inafika ku khoti la chigawo cha Alameda ku California, kumene eni magalimoto anasumira kampaniyo pamodzi. Ndipo mu Okutobala 2000 woweruza Michael Ballachey, atapeza kuti akuluakulu a kampani ankadziwa za kufooka kwa kabokosiko pa kutentha koma sanaulule mokwanira kwa boma ndi kwa ogula, analamula kuti magalimoto okwana pafupifupi 1.7 miliyoni a ku California aitanidwe kukakonzedwa. Kampaniyo inakana kuti panali chilema choopsa, koma m'chaka cha 2001 inavomera kubwezera ndalama eni magalimoto amene anasintha kabokosiko ndi kutalikitsa chitsimikizo chake kufikira mamailosi 100,000. Ndipo m'magalimoto ena inali itayamba kale kukaika kutali ndi injini, pa chitsulo chomwaza kutentha. Mlandu suola. Kwa zaka zoposa 10 anthu osawerengeka anaima m'mbali mwa misewu akudziimba mlandu okha, akuimba mlandu amakaniko awo ndi ogulitsa mafuta, pamene yankho linali m'mapepala a iwo amene anapanga galimotoyo. Ndipo apa tiona kuti umboni wonama suchitika ndi lilime lokha, umachitikanso ndi kukhala chete kwa wodziwa.

Nkhani imeneyi itiphunzitsanso chifundo poweruza ogwa. Kabokosi kaja kanalidi kofooka, ndipo kunena kuti kanalibe chilema kukanakhala bodza. Koma kabokosi komweko, koikidwa pamalo ozizira, kanatumikira zaka zambiri. Momwemonso kalaliki wolandira malipiro osafika pakati pa mwezi naikidwa kusunga ndalama zochuluka popanda womuyang'anira, kapena mtsikana wotumizidwa kutauni kukagwira ntchito m'nyumba ya alendo popanda mbale womuyendera, akagwa wagwadi, ndipo ayenera kuyankha. Koma bwalo limene lingamuchotse ndi kuika wina pamalo omwewo, osafunsa kuti anamuika pamoto ndani, lasintha chitsulo osachiritsa galimoto. N'chifukwa chake m'pemphero limene Akhristu amanena tsiku ndi tsiku muli pempho la kukhululukidwa, ndiponso muli pempho lakuti asafikitsidwe kumene kuli mayesero, pakuti wopemphera adziwa kuti ungwiro wake wa m'mamawa sunayesedwe ndi dzuwa la masana.

Chotero mmisiri woona, woweruza woona ndi mbusa woona ali ndi mwambo umodzi. Amamva mmene chinthu chinagwera asanatchule chifukwa, amapita kukachiona pa ola la kutentha kwake, osakhutira ndi maonekedwe ake a m'mamawa, amafunsa mboni funso la mlanduwo, osati funso lofewa, amadzipangira chiyeso chokhoza kugwetsa ganizo lawo lomwe, akapeza wofooka amafunsanso za malo amene anaikidwa, ndipo pamene chilema chakana kuoneka, amalimba mtima kuuza mwini galimoto kuti, “Bambo, lero sindinachipeze, ndipo sindikugulitsani chitsulo, ikadzazimanso musadzaigwire, mudzandiitane ili yakufa.” Mawu amenewa amataya ndalama za tsikulo, ndipo kwa osadziwa amamveka ngati kulephera, koma pa anthu onse ozungulira galimotoyo, wowanenayo ndi yekhayo amene sanachitire umboni chinthu chimene sanachione, ndipo ndi yekhayo amene adzachipeza.